Akabwera usiku, amalume, mudzatani?

Mwana wa mlongo wanga ndi msilikali. Chaka chatha anabwerako ku ntchito yosungitsa mtendere kudziko lina kumene mfuti zakhala zikulira kwa zaka zambiri, ndipo atapumula masabata angapo anabwera kudzandiona. Anandipeza pakhonde ndikukonza phunziro la achinyamata a kutchalitchi kwathu, kalasi yomwe ndakhala nayo zaka 14 tsopano. Sabata imeneyo tinali pa Mateyu 5, paja Yesu akunena kuti wina akakumenya pa tsaya lamanja umutembenuzire linalo.

Anasuzumira m'kope langa n'kuseka, kuseka kwa pakamwa pokha.

"Amalume, zimenezi mumawaphunzitsadi ana a eni?"

Ndinati eya.

"Nanga akabwera usiku, anthu makumi atatu, zikwanje zili m'manja, azakhali ali m'nyumbamo, mudzatani? Mudzatembenuza tsaya la ndani, lanu kapena la azakhali?"

Ndinayamba kumufotokozera zomwe ndimawauza ana aja. Kuti munthu wa dzanja lamanja akumenye pa tsaya lamanja, ayenera kukuwomba ndi kuseri kwa dzanja, mmene mbuye ankamenyera kapolo. Choncho Yesu akukamba za kunyozedwa, ndipo kutembenuza tsaya linalo ndi kuima osathawa, osabwezera, komanso osavomera kuti ndiwe chinthu chabe. Ndinamukumbutsa kuti Yesu yemweyo atawombedwa mbama pamaso pa mkulu wa ansembe, pa Yohane 18, sanangoti zii. Anamufunsa womenyayo kuti ngati sanalankhule choipa, akumumenyeranji. Mnyamata wanga anamvetsera mwaulemu mpaka ndinatsiriza, kenako anati, "Mbama ndi chikwanje n'zosiyana, amalume. Ine ndaona zimene chikwanje chimachita."

Mawu anandithera. Ndiulule pomwe pano: kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanga kuli chibonga. Chakhala pamenepo kuyambira usiku wina akuba atathyola zenera. Sindinamenyepo nacho munthu, koma sindinachiike pamenepo kuti chizikongoletsa nyumba.

Mkangano wathuwu si wa ife awiri. Mu 295, mumzinda wa Theveste, umene lero ndi Tebessa ku Algeria, mnyamata wa zaka 21 dzina lake Maximilian anakana kulembedwa usilikali wa Aroma ponena kuti iye ndi Mkhristu. Woweruza anamuuza kuti Akhristu anzake alipo kale m'gulu lankhondo, iye n'kuyankha kuti amenewo akudziwa okha chowayenera. Anamudula mutu. Patapita zaka zoposa zana, m'dziko lomwelo, Augustine wa ku Hippo analembera kazembe wankhondo wina kumulimbitsa mtima kuti msilikali naye angathe kukondweretsa Mulungu, ndipo maganizo ake ndi amene anabala chiphunzitso chakuti pali nkhondo ina yolungama. Onse awiri mpingo umawatcha oyera. Mwana wa mlongo wanga mbali yake amaidziwa bwino: Yohane Mbatizi sanauze asilikali kuti asiye ntchito koma kuti asalande za anthu, ndipo Korneliyo anabatizidwa ali kenturiyo. Abusa a kumisasa ya asilikali mavesi amenewa sawaphonya.

Ndiye sindikulemba kuti ndithetse mkangano umene wakhalapo zaka 1,700. Ndikulemba chifukwa funso lake landikhala m'mutu miyezi yonseyi, ndipo nditayamba kufufuza za Akhristu amene "usiku" umenewo unawafikiradi, ndinapeza chinthu chomwe sindinkachiyembekezera.

Pa 30 Epulo 1997, m'bandakucha, zigawenga zinafika pa seminale yaing'ono ya Buta, kum'mwera kwa Burundi, mu dayosizi ya Bururi. Dzikolo linali pankhondo kuyambira Okutobala 1993, pamene asilikali anapha pulezidenti Melchior Ndadaye, Mhutu woyamba kusankhidwa ndi anthu pa mpando umenewo. Zigawengazo zinalowa m'chipinda chogona cha anyamata a makalasi apamwamba n'kulamula kuti Ahutu aime mbali iyi, Atutsi mbali iyo. Anyamatawo anakana. Lamulo linabwerezedwa, iwo osapatukana. Zipolopolo ndi mabomba a m'manja zinayamba kugwa pa onse, ndipo anyamata 40 anafa m'mawa umenewo, Ahutu ndi Atutsi pamodzi.

Chimene chimandigwira mtima si chiwerengerocho. Zigawengazo zinali za Chihutu. Ndiye kuti m'chipindamo munali anyamata amene khomo la moyo linali lowatsegukira; akanangoyenda mapazi asanu n'kukaima mbali ina. Palibe akanawaimba mlandu. Anali ana asukulu, odzidzimutsidwa kutulo, mfuti zitawaloza. Mtutsi wokana kupatukana ndimamumvetsa, chifukwa kupatuka kunali imfa yake. Koma Mhutu uja wokana kusiya mnzake, ameneyo anazitenga kuti?

Sanazitenge m'mawa umenewo. Kuyambira 1993, pamene m'sukulu zina za m'dzikomo ana ankaukirana okhaokha potengera mtundu, mkulu wa seminaleyo, bambo Zacharie Bukuru, anayamba ntchito yooneka ngati yopanda pake. Ankawasonkhanitsa anyamatawo kuti akambirane poyera nkhani za m'dziko, zimene zamveka pawailesi ndi mphekesera zimene zafika kuchokera kwawo, m'malo moti aliyense azinong'onezana ndi a mtundu wake kuseri. Tangoganizani kukhala pa benchi limodzi, wina bambo ake ataphedwa ndi asilikali, wina amayi ake ataphedwa ndi zigawenga, n'kumakamba zimenezo mokweza mawu. Ankawavinitsa limodzi, kuwaseweretsa mpira limodzi, kuwagwiritsa ntchito limodzi. Zaka zitatu ndi theka. Pamene mfuti zinafika, zinapeza anyamata amene anali atazolowera kale kusapatukana, atakana kale kambirimbiri pa zinthu zazing'ono. M'mera mpoyamba.

Apa m'pamene ndinaona kuti funso la mwana wa mlongo wanga, ngakhale ndi lolemera, likufunsa za ola lolakwika. Usiku umenewo munthu sasankha. Thupi limangochita zimene linaphunzira.

Pali nkhani yakale imene Akhristu okana nkhondo, monga a Mennonite, amaikonda kwambiri. Mu 1569, ku Asperen m'dziko la Netherlands, Dirk Willems anathawa m'ndende mmene anamutsekera chifukwa chobatizidwanso ali wamkulu. Anathamanga pamwamba pa dziwe lomwe madzi ake anali ataundana ndi chisanu. Iye anawoloka, koma womuthamangitsa, madzi oundanawo anamusweka pansi n'kugweramo. Dirk anabwerera n'kumuvuula. Anamugwira pomwepo, ndipo pa 16 Meyi chaka chomwecho anamutentha. Munthu womira m'madzi ozizira chotero sakupatsa nthawi yoti utsegule Mateyu 5 n'kuyamba kusinkhasinkha. Miyendo ya Dirk inatembenuka mutu usanaganize. Ine ndikanakhala ine, ndikudziwa kumene miyendo yanga ikanalowera, ndipo ndikanafika kutsidyako ndikuthokoza Mulungu kuti wandimenyera nkhondo ngati pa Nyanja Yofiira.

Kuti muone kuti zimenezi sizibwera ndi ubatizo wokha, yang'anani Rwanda. Mu 1994, anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse kumeneko ankadzitcha Akhristu. Matchalitchi ankadzaza, makwaya ankaimba. Chikomekome cha mkuyu. M'masiku zana limodzi anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa, ndipo ambiri anafera m'matchalitchi momwe anathawira poganiza kuti m'nyumba ya Mulungu simungalowe chikwanje. Pa 16 Epulo, ku Nyange, tchalitchi chinagwetsedwa ndi chigalimoto chokumbira misewu, Atutsi osachepera 1,500 ali m'katimo. Wansembe wa pamalopo, Athanase Seromba, khoti la dziko lonse la ku Arusha linamupeza wolakwa, ndipo mu 2008 linamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Tsiku lomwelo, la Sabata, ku Mugonero kunaphedwanso khamu la anthu pa mishoni ya Adventist. Dzulo lake abusa amene anathawira pamenepo anali atalembera kalata mkulu wawo, mbusa Elizaphan Ntakirutimana, kumuuza kuti amva zoti mawa aphedwa pamodzi ndi mabanja awo. Nayenso khoti linadzamupeza wolakwa mu 2003. Ndatchula mipingo iwiri dala, kuti wina asanene kuti ndi vuto la mpingo wa anzathu.

Anthu amenewa nawonso sanasankhe tsiku limenelo. Anali atamva kwa zaka anansi awo akutchedwa mphemvu pawailesi, pamsika, pamowa, ndipo guwa linali chete kapena linkaseka nawo. Nawonso thupi linachita zimene linaphunzira.

Ndipo ku Nyange komweko, mu Malichi 1997, masabata asanu ndi limodzi za ku Buta zisanachitike, zigawenga zinalowa pasukulu ya sekondale usiku n'kulamula ana kuti apatukane mwa mitundu. Anawo anayankha kuti onse ndi Anyarwanda. Ena anaphedwa. Dera limodzi, zaka zitatu zokha pakati.

Tsono kukana chiwawa kwa Chikhristu, kumene kwachitikadi osati kwa m'kope langa, sikufanana ndi kukhala pansi manja ali m'khosi. Bernard Kinvi ndi wansembe wa ku Togo, wa chipani cha a Camillian, aja amavala mkanjo wakuda wokhala ndi mtanda wofiira pachifuwa. Ankayendetsa chipatala cha mishoni ku Bossemptélé, m'dziko la Central African Republic. Mu 2013 tauniyo inali m'manja mwa zigawenga za Seleka, zambiri mwa izo Asilamu, zomwe zinkazunza anthu; ovulala awo akabwera kuchipatala, iye ankawamanga mabala. Mu Januwale 2014 zinthu zinatembenuka. Magulu a anti-balaka, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja a Chikhristu, analowa m'tauni kudzapha Msilamu aliyense. Kinvi anayenda m'makwalala ndi m'tchire kutola amoyo ndi kuika m'manda akufa, ndipo pa mishoni pake panabisala Asilamu okwana ngati 1,500. Tsiku ndi tsiku ankakambirana ndi anyamata a mfuti amene ankabwera kudzafuna munthu wakutiwakuti. Analibe chida. Chimene anali nacho n'chakuti mbali zonse ziwiri zinkamudziwa, chifukwa zonse zinagonapo pa mabedi a chipatala chake. Munthu wongotulukira tsiku la chipolowe n'kuima pachipata atakweza manja, amangomukankhira kumbali. Amene anakusoka bala chaka chatha, pomukankha umayamba waganiza.

Ku Bangui, likulu la dzikolo, arkiepiskopi Dieudonné Nzapalainga anasunga m'nyumba mwake imamu Omar Kobine Layama ndi banja lake kwa miyezi ingapo. Awiriwa, pamodzi ndi mbusa Nicolas Guérékoyame-Gbangou, anali atayamba kale kuyendera limodzi nkhondo isanafike poipitsitsa. Paliponse pamene ndayang'ana ndikupeza mawu omwewa: anali atayamba kale.

Nkhani imene yandiphunzitsa kwambiri ilibe ngwazi yoima kutsogolo kwa mfuti, ndipo pofotokoza imatopetsa. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo ku Mozambique inayamba mu 1977 n'kupha anthu pafupifupi miliyoni imodzi; mamiliyoni ena anathawa m'midzi mwawo. Boma la Frelimo poyamba silinkafuna kumva za mipingo. Linalanda sukulu ndi zipatala za mishoni dziko litangolandira ufulu mu 1975. Jaime Gonçalves, bishopu wa ku Beira, anapalana ubwenzi ndi kagulu ka Akhristu wamba a ku Rome kotchedwa Sant'Egidio, komwe Andrea Riccardi anakayambitsa mu 1968 ali mwana wasukulu. Ntchito yawo inali kupemphera madzulo ndi kuthandiza osauka a mumzindamo. Sanali akazembe, analibe asilikali ngakhale chuma. Mu 1982 anakonza zoti Gonçalves akumane ndi Enrico Berlinguer, mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu cha Italy, kuti iyeyo akalankhule ndi abwenzi ake a Frelimo afewetseko dzanja pa mipingo. Anthu a mapemphero kukagogoda kwa mkomyunizimu! Njala itavuta anatumiza chakudya ndi mankhwala, boma n'kuyamba kuwakhulupirira. Mu 1988 Gonçalves anapita kutchire la Gorongosa kukaonana ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, pa nthawi imene kungotchula zokambirana ndi Renamo kunali ngati kugulitsa dziko. Chaka chotsatira atsogoleri a mipingo, kuphatikizapo bishopu wa Anglican Dinis Sengulane, anakumana ndi a Renamo ku Nairobi.

Zokambirana zenizeni zinayamba mu Julayi 1990 m'nyumba yakale ya masisitere kumene Sant'Egidio imakhala. Armando Guebuza ankatsogolera mbali ya boma, Raul Domingos ya Renamo. Amkhalapakati anali anayi: Gonçalves, Riccardi, wansembe wachinyamata Matteo Zuppi, amene lero ndi kadinala ku Bologna, ndi phungu wa ku Italy Mario Raffaelli. Zinatenga miyezi 27, maulendo 11 okhala pansi. Miyezi ina inkathera pa kukangana za mawu amodzi, kwawo anthu akufabe, ndipo ambiri ankanena kuti azibambo opempherawa akungotaya nthawi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 4 Okutobala 1992 pulezidenti Joaquim Chissano ndi Dhlakama anasaina. Mukawerenga kuyambira pamene Gonçalves anadziwana ndi anthu a ku Rome aja, ndi zaka zoposa 15 za makalata, maulendo, kudikira pa mabenchi a maofesi, ndi kudya pamodzi ndi anthu amene manja awo anali ndi magazi. Chomalizachi n'chimene ambiri a ife sitingachipirire. Timakonda mtendere, koma sitifuna kuonedwa tikupatsa moni wakupha.

Sengulane sanalekere pa siginecha. Mfuti zinali zikadali m'madenga ndi m'maenje, ndipo mu 1995, kudzera m'bungwe la mipingo la dzikolo, anayambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Ankauza anthu kuti kugona ndi mfuti m'chipinda kuli ngati kugona ndi njoka, tsiku lina idzakutembenukira. Zida zoposa 600,000 zinasonkhanitsidwa, zambiri n'kudulidwadulidwa, ndipo amisiri a ku Maputo anawotcherera zidutswazo kukhala ziboliboli. Mtengo wina wopangidwa ndi mfuti zokhazokha unakaimikidwa ku British Museum ku London mu 2005. Yesaya 2 amakamba za kusula malupanga kukhala makasu. Ife timaiwerenga ngati ndakatulo ya tsiku lomaliza, bishopu uyu anaiwerenga ngati ndondomeko ya ntchito. Za njoka zija ndinaziwerenga ndili pabedi, chibonga chili potero.

Zonsezi ndinadzamufotokozera mwana wa mlongo wanga atabweranso pa Khirisimasi. Ndinali nditakonzeka ngati wopita kukhoti. Iye anangofunsa mafunso awiri.

"Asilamu a bambo Kinvi aja anatuluka bwanji m'tauni?"

Ndinayenera kuvomera: pa malole opita ku Cameroon, operekezedwa ndi asilikali a mayiko a mu Africa osungitsa mtendere.

"Nanga ku Mozambique, atasaina, anayang'anira ndani kuti anthu atule zida mpaka chisankho cha 1994?"

Asilikali masauzande angapo a United Nations.

"Ndiye ndife amenewo, amalume," anatero, osati monyada.

Sindikufuna kuzemba pamenepa, chifukwa anthu okonda nkhani za mtendere timakonda kudula nkhani pamalo potikomera. Ku Liberia, amayi ovala zoyera amene Leymah Gbowee anawatsogolera mu 2003, Akhristu ndi Asilamu pamodzi, anakhala padzuwa ndi pamvula ku Monrovia mpaka pulezidenti Charles Taylor anavomera kuonana nawo, ndipo ku Accra, m'dziko la Ghana, anatseka zitseko za holo ya zokambirana ndi matupi awo kuti akuluakulu a nkhondo asatuluke asanagwirizane. N'zoona. N'zoonanso kuti Taylor anachoka pa 11 Ogasiti zigawenga zitazinga likulu, asilikali a ku Nigeria atatera kale pabwalo la ndege. Ndani anathetsa nkhondo? Amene angakuuzeni kuti mbali imodzi yokha, akukunamizani.

Ndipo pali malo amene kukana chida sikunapulumutse aliyense. Kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria kuli mpingo wotchedwa Ekklesiyar Yan'uwa a Nigeria, wobadwa ku mishoni ya Church of the Brethren imene inayamba ku Garkida mu 1923. Ndi umodzi mwa mipingo imene chiphunzitso chake chimakana nkhondo. Boko Haram itabuka, mpingo umenewu unali pakati penipeni pa moto. Ambiri mwa atsikana 276 amene anabedwa ku Chibok usiku wa 14 Epulo 2014 anali ana a mpingo umenewu. Mu Okutobala chaka chomwecho likulu lawo ku Kwarhi linalandidwa. Mamembala masauzande anaphedwa, matchalitchi ambirimbiri anatenthedwa. Atsogoleri awo anapitiriza kuphunzitsa kusabwezera, ndipo pogawa thandizo ankapatsanso Asilamu othawa nkhondo yomweyo. Ine ndili pakhonde langa ndingathe kunena kuti umenewu ndi umboni wokongola. Koma sindingayerekeze kukanena zimenezo kwa bambo amene mwana wake sanabwerere mpaka lero, ndipo mnyamata wa mpingowo amene anatenga uta kukalondera mudzi usiku, sindingamuponye mwala. Amene amaphunzitsa kuti kukana chiwawa kumagwira ntchito nthawi zonse akulonjeza chimene Yesu sanalonjeze. Iye analonjeza mtanda.

Pamene ndaima ine ndi apa. Mwana wa mlongo wanga sindimuyesa wochimwa chifukwa cha yunifolomu yake. Pali ana amene ali moyo lero chifukwa anaima pamsewu wina ndi mfuti. Koma ntchito yake si ntchito ya mpingo, ndipo mpingo ukayamba kuisirira, umataya chinthu chimodzi chokha chimene uli nacho. Msilikali angathe kuimitsa anthu awiri kuti asaphane lero. Sangawachititse kuti adzagulitsane mbuzi chaka chamawa. Sangalowe m'tchire la Gorongosa n'kukhulupiriridwa ndi mbali zonse, chifukwa mfuti nthawi zonse imakhala ya winawake. Kinvi akanakhala ndi mfuti imodzi yokha pa mishoni, chipatala chake chikanasanduka msasa wa adani, ndipo anthu 1,500 aja akanafera momwemo. Kusakhala ndi chida ndiko kunali chiphaso chake.

Mu Juni 2003, ku Gulu kumpoto kwa Uganda, ana masauzande ankayenda madzulo alionse kuchokera m'midzi kukagona m'makonde a masitolo a m'tauni, kuthawa zigawenga za Joseph Kony zomwe zinkaba ana usiku. Arkiepiskopi John Baptist Odama, bishopu wa Anglican Macleord Baker Ochola ndi atsogoleri ena a zipembedzo, Asilamu omwe, anatenga mabulangete n'kukagona nawo pansi pa depoti ya mabasi masiku anayi. Ochola mkazi wake anali atafa mu 1997 galimoto itaponda bomba lokwirira, ndipo iye yemweyo ndi amene ankalimbikira kuti anyamata otuluka m'tchire akhululukidwe, chifukwa ambiri mwa iwo anachita kubedwa ali ana. Lamulo la chikhululukiro la mu 2000 linadutsa mipingo itakankha kwambiri. Kugona pa depoti sikunathetse nkhondo. Kunangochititsa kuti dziko lapansi, limene linkayang'ana kumbali, lione anawo. Nkhalamba zinayi kapena zisanu pa simenti yozizira. Ndikaganiza za ine, msana wanga ndi matiresi anga, ndimachita manyazi pang'ono.

Madzulo a tsiku la Khirisimasi lija, anthu ena atalowa m'nyumba, mnyamata wanga anayamba kulankhula yekha osafunsidwa, chinthu chimene sachita kawirikawiri. Anati kutchire kuja amene ankamuopsa kwambiri sanali akuluakulu a zigawenga koma tianyamata ta zaka 15 kapena 16, chifukwa sitidziwa kuti imfa n'chiyani. Anati ena ankavala mitanda m'khosi. Usiku wina, ali pa ulonda, anamva kutsidya kwa chigwa akuimba, ndipo nyimboyo anaizindikira ngakhale chilankhulo chinali china, chifukwa ndi imene ankaimba ali mwana ku Sande sukulu. M'mawa mwake anakapeza zimene oimbawo anachita m'mudzi wina.

Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Amene aja anali ndi aphunzitsi awo a Sande sukulu, amalume. Ankawaphunzitsa chiyani?"

Sanali kundinyoza. Ankafunadi kudziwa. Koma funsolo linandilasa kuposa loyamba lija, chifukwa loyambalo linali la usiku umene mwina sudzafika, pamene ili linali la Lamlungu likudzali. Zaka 14 ndakhala ndikuphunzitsa ana kuloweza mavesi, kupewa chiwerewere, kupereka chakhumi. Sindikukumbuka tsiku limene ndinawakhazika pansi, mmene ankachitira bambo Bukuru, kuti tikambe poyera zimene makolo awo amanena m'nyumba za anthu a mtundu wina, a chipembedzo china, a chipani china. Ndinkaziona ngati ndale, zosayenera m'kalasi ya Mulungu. Mwinanso aphunzitsi a ku Nyange ankaganiza chimodzimodzi.

Tili ndi gulu la pa WhatsApp la akuluakulu a mpingo. Mumabwera mavesi a m'mawa, mauthenga a maliro, ndi nthabwala. Mwezi wathawu mkulu wina, munthu wabwino amene ndimadya naye mgonero, anatumiza kanema wa chipolowe cha kudziko lina, pansi pake atalemba kuti anthu a chipembedzo chakutichakuti ndi mmene alili onse, ndipo tikawalekerera adzatimaliza. Anthu asanu ndi awiri anaikapo chizindikiro cha manja opemphera. Uthenga wotere si woyamba. M'mbuyomu ndinkangodutsa, ndipo kamodzi, pa nthabwala ina ya mtundu wa anthu, ndinaikapo nkhope yoseka.

Ndinalemba yankho n'kufufuta. Ndinalembanso lalitali, lodzaza mavesi, n'kufufutanso poona kuti likumveka ngati ulaliki. Lachitatu linali lalifupi: ndinati ndikuwadziwa anthu a chipembedzo chimenecho mayina awo, mmodzi ndi amene anandinyamula pa ngozi ya njinga yamoto zaka zapitazo, ndipo ndikupempha kuti mauthenga otere asamabwere m'gulu la mpingo. Chala chinanjenjemera, ine munthu wa imvi, pa nkhani ya foni chabe. Ndinatumiza nthawi ili 9 koloko usiku.

Palibe anayankha. M'mawa vesi la tsiku silinabwere, koyamba m'miyezi yambiri. Cha m'ma 10 koloko foni inaonetsa kuti mkulu uja watuluka m'gulu. Lamlungu tinakumana pakhomo la tchalitchi, anandipatsa moni wa nsonga za zala, maso ali kwina. Ana ake awiri ali m'kalasi langa, ndipo tsiku limenelo anabwera onse, n'kukhala pa benchi lakutsogolo monga mwa masiku onse.